Duku la Amayi

Chaka chimene bambo anamwalira, kwathu ku Mphunzi kunabwera achinyamata awiri ochokera kunja, mnyamata ndi mtsikana, ojambula kanema. Ankayenda m'mayiko kujambula moyo wa anthu wamba. Anali ndi mkulu wina wa chipani wowamasulira, amenenso ntchito yake inali kutchera khutu pa zonse zimene tikulankhula.

Ine zinandinyansa, ndisaname. Anthu tangometa kumene maliro, wina n'kumatiloza ndi makina? Koma amayi, amene chithunzi ankachikana moyo wawo wonse, anangofunsa kuti, "Kodi kunjako aliyense angathe kuonera?" Atamva kuti inde, anati, "Mubwere mawa."

Tinali ndi achimwene amene anathawa m'dziko muno atanamiziridwa kuti amanyoza boma. Dzina lawo silinkatchulidwa, ngakhale pa pemphero. Kumene anali sitinkakudziwa, ndipo iwo sankadziwa kuti bambo tinaika kale m'manda.

M'mawa mwake kunali nkhungu, ndi chisanu chathu chija cholowa m'mafupa. Amayi anavala jekete la bambo, tonse n'kupita kokakumba mbatatesi. Makina atayamba kulira, amayi anaika khasu pansi, n'kuwongoka, n'kumasula duku. Mutu unali mpala, lumo litangodutsa kumene.

"Aa, amayi! Pamaso pa alendo?" ndinanong'ona, manyazi atandigwira.

Mtsikana uja anapempha womasulira kuti awauze amayi avale duku, angadwale. Ndinaopa kuti atulukira cholinga cha amayi, chifukwa mkuluyo anali munthu wakwathu konkuno, wodziwa mwambo, ndipo za achimwene ankazidziwa. Anawayang'ana amayi nthawi yaitali. Kenaka, m'Chingerezi chimene ndinkachimvako pang'ono, anati, "Asiyeni, atenthedwa ndi ntchito." Atenthedwa, m'chisanu chimenecho! Mpaka lero ndimamuganizira munthu ameneyu, amene tonse tinkamuopa.

Pobwerera kunyumba ndinayambapo kulalata, poti pakamwa panga sipachedwa. Amayi anandilekerera mpaka nditatopa.

"Iwe, wasukulu koma wopanda maso," anatero. "Mlongo wako akadzaona mutu uwu ndi jekete ili, adzafunsanso ndani? Amete nayenso kumene aliko, bambo ake agone."

Kanemayo ife sitinamuonepo, ndipo sindidziwa ngati achimwene anamuona. Koma tsitsi la amayi litayamba kumera, ndinawapeza atakhala pakhonde akulisisita, akudzifunsa okha kuti, "Kaya kumeneko lumo analipeza."