Pikapu Yokana Kukankhidwa

Pikapu ya apongozi anga inalibe kilatchi, magiya inkasintha yokha. Anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo ku Kanyenda konse wodziwa matenda ake ndinali ine ndekha, makanika wa pansi pa mtengo wa mango.

Chaka china inayamba ulesi. Ukaiika pa D, giya yoyendera, inkaganiza kaye, kenako n'kudumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Pachitunda injini inkangobangula, liwiro osaoneka. Ndinasolola kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi injini ikulira, monga zimafunikira. Oyilo woyenera kufiira anali bii, akununkha chopserera. Apongozi anavomera monyinyirika kuti ankathiramo wa injini. "Oyilo ndi oyilo basi," anatero. Ndinakhetsa yense, kutsuka sefa, n'kuthira woyenera. Inachira.

Changu chonsechi chinali cha mkazi wanga. Anali woyembekezera, masiku atakwana, chipatala chili kuboma.

M'mawa mwake kunatulukira atcheyamani a chipani ndi ayufi asanu. Ankafuna galimoto masiku atatu kuti inyamule amayi okavina. Nthawi imeneyo kukana kunali kudziitanira ndende. Mantha ndinali nawo, koma ndinasiya giya pa D mwakachetechete, podziwa kuti galimoto yotere singalire ili pamenepo. Ndinapotokola kiyi, kuli zii.

"Ndi batire," anatero wayufi mmodzi. "Tiikankhe."

Ine ndani kuti ndiwaletse? Yopanda kilatchi singalire pokankha, olo mutafika nayo ku Salima. Anaikankha mpaka pamlatho, n'kubwera nayonso, thukuta lili kamukamu, ine ndili pachiwongolero nkhope ya pamaliro. Kenako atcheyamani anasuzumira mkati, maso pa giya, nthawi yaitali ndithu.

"Yafa iyi," anatero. "Tiyeni tikafune ina."

Mawa lake masana yakufayo inathamangira kuchipatala ndi mkazi wanga, ndipo kunabadwa mwana wamkazi.

Patapita sabata ndinakumana ndi atcheyamani pamsika wa nsomba. Anandigwira dzanja osalitaya.

"Yotere ija ndinaiyendetsa zaka zambiri ku Halale," ananong'ona. "Ulendo wina muziphimbako giyayo ndi chipewa, bambo. Mayi ndi mwana ali bwanji?"