Phala la Ufa Woyera

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anasiya kukwera pasikelo atangoyamba kudya phala. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira anali mwana woti aliyense amafuna kumunyamula, masaya ofufuma, ntchafu zopindikapindika. Atangolawa chakudya cha m'manja mwanga, mzere wa m'buku lake lakuchipatala unagona. Mwezi woyamba a zaumoyo anati zimachitika, mwina ndi mano. Mwezi wachiwiri anandiyang'ana nthawi yaitali asanalembe. Mwezi wachitatu mzere uja unaloza pansi, ndipo ndinabwerera kunyumba osaona n'komwe anthu amene ankandipatsa moni panjira.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa Lisungwi, kuseri kwa kagolosale kathu. Ine ndinkagulitsa, bambo a mwanayu n'kumakwera minibasi kukaoda katundu ku Zalewa. Masiku ena galimoto zikavuta ankagona konko.

Ndinakulira kumudzi kufupi ndi Matandani, ndipo kwathu mgaiwa unali ufa wa nthawi ya njala. Nyumba imene zinthu zili bwino inkadya ufa woyera. Ndiye ine, mkazi wa mwini golosale, ndinalumbira kuti mwana wanga sadzalawa mgaiwa. Chimanga chake ndinkakonoletsa, kuviika masiku atatu, kuchitsuka, kugayitsa, kuyanika pamkeka, kenako kusefa kawiri. Phala lake linkatuluka loyera mbee. Ndinkaliphika lamadzimadzi, loti n'kumwa ndi kapu, chifukwa amayi anandiuza kuti matumbo a khanda ndi anthete, ndipo ineyo ndinkaopa kwambiri kuti angatsamwidwe. Ndikathira kashuga pang'ono, iye ankamwa lonse, kamimba n'kukhala ndii, n'kugona. Mazira ndi nsinjiro zinali pashelefu m'golosale momwemo, koma sindinaganizepo zomupatsa. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi nafe ankadyetsa mwana wake phala lakuda lolimba, lothira sindikudziwa chiyani, ndipo ine ndinkamuseka chamumtima kuti anthu ena ana amangowalera ngati nkhuku.

Mwanayu anali ndi kachingwe ka mikanda m'chiuno, kamene tinamumanga ali wakhanda. Poyamba ndinkachita kukamasula chifukwa kankamuthina. Tsopano kanayamba kulendewera. Ndinkalowetsa chala chimodzi, kenako ziwiri. Tsiku lililonse pomusambitsa ndinkayesa, ndipo masiku ena ndinkasiya kasitomala ali chiimire n'kuthamangira kuseri kukayesanso, ngati kuti mwana anganenepe pakati pa m'mawa ndi masana. Tsitsi lake linayamba kufiira n'kumanyonyoka. Kuseka anasiya. Ankangokhala pamene ndamuika, n'kumayang'ana anthu ndi maso akuluakulu. Ndinkachita mantha kwambiri. Ndinawonjezera phala lija, kasanu patsiku, kasanu ndi kamodzi, loyera lomwelo, lamadzi lomwelo.

Ndinaimbira foni amayi, ndipo anatsika kuchokera ku Matandani. Anamuvula mwana, n'kumutembenuza, kumutsina pakhungu, kumugwira mapazi. Atatha anandiitanira kuchipinda n'kundiuza kuti limeneli ndi tsempho. Kwathu amati mwana akamaonda chonchi pamene akudya bwinobwino, ndiye kuti mmodzi wa makolo ake wayenda njira zosayenera n'kudzamugwira mwanayo. Anandifunsa ngati ndikudziwa nyumba imene apongozi awowo amagona akapita ku Zalewa. Ndinati sindiidziwa.

Ndinene zoona, nkhaniyi ndinailandira msanga kwambiri. Ndine munthu wopemphera, zimenezi ndinkati n'zachikale, koma tsiku limenelo mtima wanga unachita ngati wapepukidwa. Panapezeka wolakwa, ndipo sanali ine. Bambo a mwana atabwera ndinawalandira ndi mawu amene sindingawalembe pano. Ndili ndi pakamwa, zimenezo anthu amazidziwa. Iwo anakana, anati amagona pakhonde la sitolo pamodzi ndi anzawo ooda katundu, atatsamira matumba a shuga kuopa akuba. Ine ndinati aliyense amatero.

Amayi anabwera ndi mizu yoti tizimusambitsira mwana. Koma anati mankhwalawo sagwira pokhapokha bambo ake athiremo mchere ndi dzanja lawo. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: munthu wothira mcherewo ndiye kuti wavomera. Bambo akewo anakana masiku awiri. Tsiku lachitatu mwana anatsegula m'mimba, n'kugona pamphasa osatukula ngakhale mutu. Bambo ake anaima pakhomo nthawi yaitali akumuyang'ana, kenako anati:

“Ngati mukuti achira nazo, bweretsani mcherewo.”

Anathira, n'kusamba m'manja, n'kupita kukatsegula golosale. Kuyambira pamenepo tinkalankhulana za katundu basi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze aliyense. Tsiku la sikelo lija, a zaumoyo, mayi wachikulire wosakonda kuseka, anandiuza kuti ndidzabwerenso ndi phala la mwana m'kapu, lophika mmene ndimaphikira masiku onse. Ndinakhumudwa nazo, ndinati kodi akuganiza kuti ndine wauve? Koma amayi atabwerera kumudzi, mwana osasintha, ndinaphika phala langa labwino lija, kulivindikira, n'kupita.

A zaumoyo aja anayamba ndi kumuyeza mwana pamkono ndi katepi kamitundu. Kanaima pachikasu, kufupi kwenikweni ndi pofiira, ndipo anandionetsa ndi chala kuti ndione ndekha. Kenako anavundukula kapu ija, kutunga ndi supuni, n'kuipendeketsa. Phala lonse linatsika kuti chuu, supuni n'kutsala yoyera. Anatunganso, n'kupendeketsanso.

“Amayi, mwanayu akukhuta madzi,” anatero.

Ndinayamba kufotokoza za kukonola, kuviika ndi kusefa kawiri. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati zonse zimene ndimachotsa pokonola ndi poviika ndi zimene mwana amafunika, ndipo kamimba kake n'kakang'ono, kakadzaza ndi madzi palibenso malo a chakudya. Anati ndiphike la mgaiwa, lolimba loti lizikakamira pasupuni, ndithiremo nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta, tsiku lina dzira, tsiku lina usipa wosinja, ndipo ndisasiye kumuyamwitsa. Ndinafunsa ngati satsamwidwa. Anati ndizimukhazika tsonga, ndizimupatsa pang'onopang'ono. Ndinafuna kufunsa za tsempho, koma yankho lake linali m'kapu muja.

Panjira ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa chisoni chokha. Zinali manyazi. Miyezi itatu ndinakhala ndikumumana mwana wanga chakudya, ndikudzitama kuti ndimalera bwino kuposa anzanga.

M'nyumba mwanga munalibe mgaiwa ngakhale wodzaza dzanja. Ndinapita kwa mayi wa tomato uja kukapempha, n'kunama kuti ndikufuna kuphika chikondamoyo. Anandipatsa mbale yodzaza osafunsa kanthu. Ndinaphika phala lija monga anandiuzira. Supuni yoyamba mwana anailavula. Yachiwiri anachita ngati akufuna kusanza, maso n'kutuluka misozi, ine ndinamukweza m'mwamba n'kumumenya kumsana pamene sanatsamwidwe n'komwe. Tsiku limenelo anadya masupuni atatu okha. Ndinatsala pang'ono kubwerera ku phala langa loyera, poti lija ankamaliza kapu yonse. Ndinaima ndi thumba la ufa woyera m'manja, kenako ndinalibweza pamalo pake.

Pang'ono ndi pang'ono anazolowera, nanenso ndinaphunzira. Nthochi yakupsa ndinkaikanya ndi foloko, n'kumupatsa pakati pa m'mawa. Mbatata yofiira m'kati ndinkaiphika, kuikanya pamodzi ndi nsinjiro, ndipo imeneyi anaikonda mpaka ankatsegula yekha pakamwa. Nkhwani ndinkauphika mpaka ufewe, kuusinja, n'kuusakaniza m'phala, likamaoneka lobiriwira ine n'kumayang'ana kumbali. Usipa ndinkaukazinga pang'ono, kuusinja mumtondo, kusefa, n'kusunga m'botolo. Nandolo ndinkachotsa makoko. Peyala anakana mpaka kalekale. Dzira loyamba ndinamupatsa theka lokha, n'kukhala naye pamiyendo masana onse kudikira kuti chichitike n'chiyani, koma palibe chinachitika. Bambo ake ankaona zonsezi. Ndinangowauza kuti akuchipatala anena kuti tisinthe zakudya, osanena chifukwa chake. Ulendo wotsatira wa ku Zalewa anabwera ndi usipa, n'kuusiya patebulo.

Mwezi umenewo unatalika. Mwana ankaoneka ngati wayamba mphamvu, ankakwawa kutsatira mphaka, koma maso anga ndinali nditasiya kuwakhulupirira. M'mawa wa tsiku la sikelo ndinalephera kumwa ngakhale tiyi. Pamzere ndinkayang'ana ana a anzanga, aliyense ndikumuona wonenepa kuposa wanga. Atamukoleka pasikelo analira mokweza, miyendo ikupalasa, ndipo muvi unagwedera nthawi yaitali usanaime. A zaumoyo aja analemba kadontho, n'kulumikiza mzere. Unakwera. Sunakwere kwambiri, koma unakwera. Anandibwezera buku n'kunena kuti ndipitirize, ndisatayirire.

Amayi atamva anatsikanso, atatenga mbatata ndi nkhuku. Tinakhala pakhonde masana, ine ndili ndi mbale ya mwana m'manja, bambo ake atakhala pampando chapatali. Amayi anamunyamula mdzukulu wawo, kumuyeza m'manja, n'kumwetulira.

“Mwaona nanga? Mankhwala aja agwira. Akanapanda kuthira mchere uja bwenzi tikunena zina.”

Ananena mokoma mtima, ngati munthu amene wakhululuka. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kuchira kwa mwanayu kwawapezetsa bambo ake olakwa. Iwo anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Ndikhulupirira kuti anali atadziwa kale, poti mbale zonse zija ankaziona. Ndinkangofunika kunena mawu ochepa, kuti amayi, silinali tsempho, linali phala langa. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaganiza za mudzi wonse ukumva kuti mwana wa uje, wa golosale uja, anatsala pang'ono kupha mwana wake ndi njala mazira ali pashelefu. Ndinayang'ana m'mbale n'kuyamba kutakasa phala limene linali litazizira kale.

Bambo ake anadikira pang'ono. Kenako anadzuka, kutenga mwana kwa amayi, kutenga mbale m'manja mwanga, n'kukhala pansi kuyamba kumudyetsa.

Bambo akewo ndinawauza zoona patapita masabata awiri, tili awiri m'golosale. Anati ankadziwa. Ndinati ndipita kumudzi ndikanene, ndipo ndinapitadi, koma amayi anangoseka, anati mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake. Mwanayo pano ali kusukulu, amadya chilichonse, ndi wamtali kuposa anzake. Bambo ake akafika kwathu amalandiridwa bwino, amaphikiridwa nkhuku, koma akakhala pansi azimayi amakoka makanda awo n'kuwaika kumbali ina.