Alamu adula mphesa za bambo

Mwaswera bwanji nonse. Kuno zinthu sizili bwino.

Mphesa zija anadzala malemu bambo kuseri kwa nyumba zapita. Azidula m'mawa uno ndi alamu, amuna a mng'ono wanga Esinati.

Paja nyengo yozizira ino mphesa zimayoyola masamba onse n'kumaoneka ngati zauma. Alamuwo angobwera kumene chikamwini, mphesa sanazionepo chibadwire. Pofuna kusangalatsa apongozi, anatenga chikwanje n'kudula zonse, kumanga mitolo ya nkhuni, n'kukatula pakhomo pa mayi uku akumwetulira.

Mayi sanakalipe. Anangopita kukakhala pansi pomwe panali mphesapo. Ine ndafika masana, ndapeza zitsa zikudonthabe madzi, dothi lonse lonyowa. Mayi akungoti, "Taonani, zinali zamoyo."

Mukudziwa kuti napolo atawatenga bambo, mtembo sitinaupeze. Mayi akawasowa ankapita pa mphesapo kukayankhula nawo.

Panopa amalume akuti alamu alongedze azipita kwawo. Esinati ali ndi pakati, akungolira.

Ena akuti mphesa zimaphukanso. Kaya. Inu mukuti bwanji, timuthamangitse munthu woti amafuna kuthandiza? Nanga mayi azikalira pati?