Mwana wanga m'mahedifoni

Ntchito yanga ndi yoti anthu ena azimveka bwino. Achibale akumudzi ndikawauza choncho amaganiza kuti ndili ku wayilesi, ndipo ine sindiwatsutsa. Zoona zake n'zakuti ndimagwira pa kabungwe kena ku City Centre. Pakakhala msonkhano wa pa intaneti, umene ku ofesi timangoti webina, ine ndiye ndimakonza wolankhula ndi zipangizo zake kuti pasakhale zochititsa manyazi.

Satifiketi yanga ya zamakompyuta ndinaitenga pa kakoleji ka pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Old Town, koma zambiri zimene ndimachita ndinaziphunzira ndi mantha. Kamera ikhale molingana ndi maso, apo ayi anthu azikuonani m'mphuno, ndiye ndimasanjikiza mabuku pansi pa laputopu. Nkhope iyang'ane kuwindo, chifukwa windo likakhala kumbuyo munthu amaoneka ngati mboni yobisidwa nkhope pa TV. Ndolo zazitali zivulidwe, zimagunda maiki. Foni ikhale ndi bandulo yokwanira kuti netiweki ya m'nyumba ikagwa tilumphire pomwepo. Ndipo wolankhula, zivute zitani, asayang'ane kumbali. Omvera akaona maso athawa amadziwa kuti kwachitika kanthu.

Chaka chimene ndikunenachi madamu, akulu a bungwe lathu, anali ndi mawebina Lachinayi lililonse, omvera ena ali kunja kwa dziko. Ku ofesi sikunali kodalirika. Magetsi akangothima, jenereta ya oyandikana nafe inkalira ngati chigayo. Ndiye anati tizichitira kwawo ku Eriya 14, kumene kuli sola ndipo kuli zii. Lachitatu tinkayeserera, Lachinayi n'kuchita zenizeni.

Nthawi yomweyo mng'ono wanga amene ankandisungira mwana anabwerera kumudzi kukapitiriza sukulu. Mwanayo ndi wamkazi, anali asanakwanitse chaka, ndipo anali wolira. Bambo ake amayendetsa galimoto ya katundu, kunyumba amangofikako ngati mlendo. Masiku ena ndinkamusiya kwa aneba, koma Lachitatu ndi Lachinayi anebawo amakapikula tomato. Ndinawafotokozera madamu, ndikuganiza kuti ntchito yathera pomwepo.

"Nanga vuto lili pati? Bwera naye," iwo anatero osasiya kulemba pa foni. "Anti alipo."

Anti anali mayi wogwira ntchito m'nyumba mwawo, wa ku Nathenje, wamfupi, wosalankhula zambiri, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo chabe. Aliyense pamalopo, alonda ndi bambo wosamalira maluwa omwe, ankawatcha anti.

Tsiku loyamba mwana analira kuchokera kwathu ku Kawale mpaka kudepoti, n'kuyambiranso m'minibasi yachiwiri. Bambo wina anachita kutembenuka: "Mayi, kodi bere munaliiwala kunyumba?" Pofika pageti la madamu bulauzi inali itanyowa kumsana, ine ndatsala pang'ono kulira naye. Anti anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje.

"Tabwera kuno, mlendo wathu. Akuvutitsa ndani?"

Anamuponya kumsana, kumanga chitenje, kugwedeza kawiri. Mwana anangoti zii. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse, ndisaname. Nsanje inabwera pambuyo pake, pang'onopang'ono, ngati chiswe m'denga.

Madamu anali ndi maiki yabwino imene anagula ali kunja, yotola ngakhale kupuma kwa mphaka. M'pulogalamu imene timagwiritsa ntchito muli kabatani kosefa phokoso, koti mawu a wolankhula adutse, zina zonse zitsale. Poyeserera ndinkayamba ndakazimitsa, n'kuvala mahedifoni kuti ndimve nyumba yonse mmene imalirira, kenako n'kumakathetsa phokoso lililonse palokha. Tsache la bambo wa maluwa: ndinawapempha kuti Lachinayi azisesa m'mawa. Kawayilesi ka alonda: atsitse. Masilipasi a anti, amene ankati phwa phwa m'khonde: ndinawapempha kuti akamadutsa azivula, ndipo akafuna kulowa m'chipindamo aziwerama kuti kamera isawaone. Njiwa za padenga zokha ndi zimene zinandikanika.

Phokoso la kukhitchini silinali pa zimene ndinkayembekezera. Khitchiniyo ili kutali, kuseri kwa zitseko ziwiri, koma maikiyo inkafikako. Sabata yachiwiri, madamu ali mkati moyeserera, ndinamva mwana wanga akuseka. Kunyumba amaseka, inde, koma kaseko kaulemu, ngati akundichitira chifundo. Uku kunali kuseka kochokera m'mimba, kochita kutsamwa nako, ndipo kukangotha anti ankachitanso kanthu kena ndi supuni, iye n'kuyambiranso.

"Ndikumveka?" anafunsa madamu.

"Mukumveka, madamu."

Sindinamve ngakhale liwu limodzi la zimene ananena.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona tinthu. Pofika pageti mwana ankayamba kudumphadumpha kumsana kwanga. Phala limene kunyumba ankandilavulira kumaso, kwa anti ankatsegula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. Pobwerera ankanunkhira sopo wa m'nyumba ya eni, ndipo ndikafika ku Kawale ndinkamusambitsanso ngakhale anali woyera. Ndinayesa za supuni zija. Ndinagogoda pambale, pamutu panga, pakhoma. Anangondiyang'ana ngati ndabwera kudzagulitsa zinthu. Ndinkadziuza kuti ndine wopusa, mayiyu akundithandiza, popanda iye ndikanakhala pakhomo. Koma mtima sumva zimenezo.

Kenako linafika Lachitatu lina. Timajambula kuyeserera konse kuti wolankhula adzionere yekha pamene akuthamanga kapena kunena "eee" kwambiri. Madamu anaima kaye kuti amwe madzi, m'chipinda munali bata, kosefa phokoso kali kozimitsa. M'mahedifoni ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa kukhitchini, kenako kamawu kakang'ono, koyera bwino.

"Mama."

Ndinali ndisanamvepo. Miyezi yonseyo ndinkamugwira masaya m'mawa uliwonse, ndikumuuza kuti tanena mama, iye n'kumangotulutsa thovu.

"Ee, ndili pano," anayankha anti.

"Mama. Mama."

Anti anaseka. Madamu anaika kapu pansi n'kunena kuti tipitirize, ndipo ine ndinasintha silaidi, tsamba looneka pa sikirini. Dzanja linagwira ntchito yake bwinobwino.

Madzulo ndinawaimbira bambo ake, ali kumalire kudikira mapepala a katundu, n'kuwauza zimene ndinamva.

"Ndiye ukulira chiyani? Mwana wayamba kulankhula, si nkhani yabwino imeneyo?"

"Sanauze ine."

"Iwe, pa msinkhu umenewo aliyense ndi mama. Wa achimwene ankaitana kapu kuti mama."

"Kapuyo inamuyankha?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndimaganiza kwambiri ngati nkhuku yofungatira. Ndinadula foni.

M'mawa mwake linali tsiku la webina yeniyeni. Titafika, anti anatuluka monga mwa masiku onse, manja ali patsogolo. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Lero ndikhala naye ndekha, anti. Akuoneka ngati sakupeza bwino."

Anamugwira pachipumi ndi kuseri kwa dzanja. Mwanayo anali wozizira ngati nkhaka, ndipo tonse awiri tinadziwa. Anabweza manja awo.

"Chabwino, asisi. Mukandifuna ndili kukhitchini."

Madamu anali otanganidwa ndi mapepala awo, sanafunse. Ndinakhala pakona panga, pamene kamera safika, laputopu yanga pakatebulo, mwana pamiyendo, bisiketi m'dzanja lake. Ndinayang'ana batire, ndinayang'ana netiweki, ndinawakumbutsa madamu za ndolo. Anthu anayamba kulowa, timabokosi ta nkhope tikudzaza sikirini. Poyamba zonse zinayenda. Mwana ankanyambita bisiketi n'kumayang'ana nkhopezo, ine mumtima ndikuti mwaona, amakhala ndi mayi ake bwinobwino.

Kenako kukhitchini kunagwa chivundikiro cha poto. Omvera sanamve, kosefa phokoso kanachigwira. Koma mwana anamva. Anatembenuza mutu kuyang'ana kuchitseko, bisiketi n'kugwa. Anayamba kudzikoka, kuwongola msana, kaphokoso kaja ka pakhosi kakuyamba. Ndinamupatsa bere, anakana. Ndinamupatsa chingwe cha chaja, chimene kunyumba timalimbirana, anachitaya. Ndinamunong'oneza kuti ndine pano, ndine pano mwanawe, iye maso ali kuchitseko.

Ndinakweza kosefa phokoso mpaka pamapeto. Kabatani kameneko kakakwera kwambiri sikasankha, kamayamba kudya ndi mawu a wolankhula omwe. Mawu a madamu anayamba kuduka kumapeto ngati akulankhula ali m'madzi. Munthu wina analemba kuti sakumva bwino. Wina naye analemba chimodzimodzi. Ndinakhala pamenepo, dzanja limodzi pa laputopu, lina litazinga mwana pamimba, ndikudziwa bwino lomwe kuti chofunika n'chiyani, koma osachichita.

Madamu sanayang'ane kumbali. Ndinawaphunzitsa ndine. Nkhope inali pa kamera, ikumwetulira, ikufotokoza za alimi ndi mbewu, koma pansi pa tebulo dzanja lawo linkaloza kuchitseko mobwerezabwereza, mwamphamvu.

Mwana anakoka mpweya wautali uja, umene mayi aliyense amaudziwa, wobwera kulira kwenikweni kusanayambe. Pomwepo chitseko chinatseguka pang'ono. Anti analowa opanda masilipasi, atawerama mpaka pansi kuti kamera isawaone, ndendende mmene ndinawauzira. Anafika pafupi nane n'kugwada. Sanandilande mwana, zimenezo ndisawanamizire. Anangotambasula manja n'kudikira. Mwanayo ndi amene anadziponya yekha, thupi lonse, ngati munthu wotsika minibasi isanaime.

Ndinamasula dzanja. Anatuluka naye chowerama, chitseko n'kutsekeka popanda phokoso. Ndinatsitsa kosefa phokoso, mawu a madamu anabwerera, wina analemba kuti tsopano zili bwino. Webina yonse inatha popanda vuto lina. Mkaka unali utadontha pabulauzi, ndinabisa ndi chikwama cha laputopu.

Titatseka, madamu anavula magalasi n'kudzitikita m'maso.

"Zayenda, kupatula pakati paja. Sabata yamawa mwana akhale kwa anti kuyambira poyamba, wamva?"

"Ndamva, madamu."

Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira.

Ndinapita kukhitchini. Mwana anali atagona kumsana kwa anti, tsaya litaphwatalala, iwo akutsuka makapu. Ndinaima pakhomo.

"Anti, dzulo ndinamva. Maiki ija imafika kuno."

"Munamva chiyani, asisi?"

"Anakuitanani mama. Inu munayankha."

Anatseka mpopi. "Nanga mwana akaitana timusiye?"

"Aliyense pano amati anti. Nayenso muzimuuza kuti anti."

"Ndizimuuza." Anapukuta kapu, kuiika pamalo pake. "Koma liwu limenelo ndi lolimba kwa khanda. Wanga wachiwiri ali kwa amayi anga kumudzi. Iye mama ndi agogo akewo. Ine ndikapita pa Khirisimasi amati kwabwera a ku tauni."

Ananena ngati akunena za mtengo wa sopo, kenako n'kuyamba kumasula chitenje. Ndinayenera kumva chisoni, ndipo ndinamva, pang'ono. Koma pamene ankamutsitsa, kadzanja ka mwana kanagwira kolala ya diresi yawo ali m'tulo momwemo, ndipo ndinachita kumasula tizala timodzitimodzi. Chisoni chija chinathera pamenepo.

Sabata yotsatira ndinamupereka pageti, ndi masabata ena onse mpaka mawebina anatha. Anti anasunga mawu awo. M'mahedifoni ndinkawamva akuti, "Iyayi, ine ndi anti. An-ti. Mama ali uko, akugwira ntchito." Mwana n'kumaseka ngati ndi masewera atsopano, n'kunenanso mama. Kunyumba anadzayamba kundiitana ineyo patapita nthawi, tsiku lina ndikuchapa, ndipo ndinasangalala, koma ndinkadziwa kuti ndine wachiwiri.

Zojambula za kuyeserera timazifufuta webina ikadutsa. Za Lachitatu lija ndinadulako kachidutswa n'kusunga mu foni. Ndinkafuna nditsale ndi mawu a mwana okha, ndiwatumizire bambo ake ndi amayi kumudzi, ndipo kudula mawu ndimakutha. Koma "mama" woyamba ndi "ee" wa anti zinagundana, kulibe mpata woti mpeni ulowe, ndipo awiri otsatirawo ali pamwamba pa kuseka kwawo. Ndinayesa kusefa, mawu a mwana n'kumatuluka ngati a chidole. Ndinakasiya chonchobe, ndipo sindinatumizire munthu.

Mwanayo pano amalankhula mpaka kutopetsa, ndipo anti sawakumbuka. Ine ndimakamverabe kachidutswako, kawirikawiri m'minibasi pochokera ku City Centre, tikaima pamzere wa magalimoto pamlatho. Ndimadziwa pamene mpando ukhwekhwerezedwe ndi pamene kamawu kaja kabwere. Ndimakonzekera, milomo ili chire, kuti ndinene "ndili pano" anti asananene. Mpaka lero amanditsogolabe.