Mota Yatsopano ya Adada

Mota yakale ya pa sowo yochekera matabwa ya adada ndimaikumbukirabe: yobiriwira, yosupuka utoto, yonunkha utuchi wa mlombwa. Inali ndi mwano mota imeneyo. Ukayatsa inkangolira kuti mmmm, osazungulira, mpaka adada akoke lamba ndi dzanja. Chaka chonse ankagwira nayo ntchito choncho m'kashedi kathu kuseri kwa msika wa Lundazi, ndipo manja awo anazolowera kuti sowo siyamba yokha.

Inali nyengo yozizira, anthu atagulitsa fodya, aliyense akufuna chitseko chatsopano. Tsiku lina motayo inatulutsa utsi wonunkha ngati tsitsi lopserera, basi zii. Amama anaitanitsa asibweni, mchimwene wawo, amene ankakonza mapampu a madzi ku Chipata. Anabwera pa minibasi, natsegula motayo, nanunkhiza mawaya akuda bii. "Alamu, iyi yafa kale. Mwakhala mukukoka mtembo." Adada anaseka, koma manyazi anali nawo.

Asibweni anabweranso ndi mota ina, yotuwa, atainyamula pa njinga ya hayala kuchokera pa siteshoni. Mabowo a mabawuti sanagwirizane, anaboola ena. Atayatsa, sowo inazungulira chammbuyo. Anasinthanitsa mawaya awiri, ndiye inalira bwino, yokha, popanda woikoka. Amama analuluta. Ine ndinavina mu utuchi, chitsiru cha mwana! Mpaka lero ndimadana nako kuvina kumeneko.

Sabata isanathe magetsi anazima masana, monga ankachitira nthawi zonse, thabwa lili pakati pa sowo. Adada sanathimitse switchi. Akanathimitsiranji? Yakale ija, magetsi akabwera, inkangong'ung'udza n'kumawadikira. Anayamba kuchotsa tizidutswa tomwe tinatsakamira pa mano a sowo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinali panja, ndikusenda mtedza. Ndinamva wailesi ya kwa aneba ikuyamba kulankhula, kenako sowo, kenako mawu amene sindinadziwe kuti mwamuna angatulutse.

Zala zinayi za dzanja lamanja. Anazikulunga m'chitenje cha amama n'kupita nazo kuchipatala pamodzi ndi mwini wake, koma sanabwere nazo.

Asibweni anagona pakhonde pathu masiku ambiri, osadya, akungonena kuti, "Nikanaisiya, mlongo wanga, nikanaisiya." Palibe anawadzudzula, komanso palibe anawatonthoza. Eni zitseko anabwera mmodzimmodzi kudzatenga matabwa awo, akupereka moni motsitsa mawu. Ndikaganiza lero mtima umandiwawa, chifukwa asibweniwo anangotichitira zabwino.

Amama ankalira akamasintha bandeji, ine n'kumadabwa kuti akuliriranji. Mano anga akutsogolo anali ataguluka mwezi womwewo, ndipo atsopano anali atayamba kale kutuluka. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkapita kwa adada n'kuwafunsa ngati zala zayamba kumera. Iwo ankayang'ana kumbali, n'kunena kuti, "Pachoko pachoko, mama."