Buku la Zithunzi la Ba Keziah

Ba Keziah anaphunzitsa ana aang'ono ku Bundabunda zaka zambiri, m'kanyumba ka malata kuseri kwa tchalitchi. Ku koleji sanapiteko, koma pakamwa anali napo, ndipo makolo ankawaopa. Buku la zithunzi anali nalo limodzi lokha, lochokera kwa masisitere. Linali la mtsikana amene anaswa mtsuko n'kunamizira mng'ono wake, ndipo pa tsamba lomaliza ankaoneka akulira, akupepesa. Lachisanu lililonse Ba Keziah ankalikweza m'mwamba n'kunena kuti, "Mwaona? Wabodza alibe mnzake."

Tsiku lina anapita nalo kunyumba n'kuliiwala pakhonde. Mbuzi yawo inadya masamba onse apakati. Lolemba lake sisitere ankabwera kudzaona sukulu.

M'mawa wa Lolembalo, ana akusewera panja, Ba Keziah analowetsa bukulo m'kathumba ka Twaambo, kamtsikana kachibwibwi. Onse atalowa, analitulutsa pamaso pawo.

"Nindani wang'amba?"

"Si-si-sine, ba ticha," anatero Twaambo.

"Mwamumva? Ngakhale lilime lake likana bodza."

Ana anaseka mpaka kugona pansi. Twaambo anaimikidwa padzuwa, chikuto cha bukulo atachisenza pamutu. Sisitere atafika anati mwana amalakwa, amukhululukire. Koma atate ake, Ba Matthias, sanamukhululukire. Atamva, anathyola nthambi ya mtengo wa malubeni panjira pomwe n'kumukwapula nayo.

"Wanichititsa manyazi. Za sukulu zasila, uzayamba kulima."

Patapita mwezi masisitere anatumiza katoni yodzaza mabuku atsopano. Ba Keziah anatchuka, ana anachuluka, kanyumba kaja kanawonjezedwa chipinda. Twaambo sanabwerere. Anakwatiwa akali wamng'ono kwa wootcha makala, ndipo lero amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Chibwibwi chinakula, moti ndi ogula amangolankhula ndi zala.

Ba Keziah anakalamba bwino. Ndi mkulu wa azimayi kutchalitchi, ndipo pamaliro ndiwo amapatsidwa mpando. Akafika pamsewu amaima pa thebulo la Twaambo, n'kumafinya tomato mmodzimmodzi.

"Uyu ninamuphunzitsa ine," amauza aliyense amene ali pafupi. "Manja ake sanali abwino kuyambira ali mwana. Muziyang'anitsitsa akamakupimirani."

Akatero amatsegula chikwama.

"Nanga mbasela, iwe?"

Twaambo amasankha tomato wamkulu n'kuwaikira.