A Kaputeni ndi Mawu Otsanzikira

Ndikukumbukira chaka chimene ntchito ya bambo inatha kuno ku Doha. Ndinali ndi zaka khumi, makani ali thoo. Atandiuza kuti bambo abwerera okha ku Zomba, ine ndi mayi titsala, ndinasiya kuwalankhula. Ndinkaganiza kuti ndikakana kutsanzikana nawo, mwina sapita.

Mayi anali namwino, ankasamalira mkulu wina wachiluya ku Al Khulaifat. Tinkangowatchula kuti a Kaputeni. Analowa usilikali ali mnyamata, anayendetsa ndege zankhondo pa nkhondo ya kwawo, kenaka anaphunzitsa achinyamata mpaka maso atawakanika. Masiku amenewo ankangokhala pakhonde ndi kakapu ka khofi, kutchera khutu ndege ikamadutsa.

M'mawa wa tsiku la ulendo, mayi ananditenga kupita kuntchito, poti kunyumba ndinkangotupa.

"Yalla, tiye, khala ndi a Kaputeni. Flayiti ya bambo ako ndi ya folo koloko, uziganiza bwino," anatero.

A Kaputeni sankaona bwino, koma mkwiyo wanga anaumva. Nditawafotokozera, sanandidzudzule. Anandiuza m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti nawonso kunkhondo sankatsanzikana, ankati ndi tsoka. Munthu ankangovala chisoti, n'kukwera. Anali ndi mnzawo amene ankagona naye chipinda chimodzi, wokonda kuimba koma mawu ngati chitseko. M'mawa wina ananyamuka limodzi osanena kanthu. Madzulo bedi la mnzawoyo linali loyala, lopanda munthu.

Kenaka anandifunsa kuti kwathu timati chiyani posiyana. Ndinayankha monyinyirika kuti wotsala amati "pitani bwino", wopita amati "tsalani bwino". Nditawamasulira liwu lachiwirilo, anaika kakapu ka khofi pansi. Analiyesa pakamwa, lilime likukana.

"Ine ndinatsala," anatero, "koma palibe anandiuza kuti nditsale bwino."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akusirira mawu amene ine ndinkawataya tsiku lililonse pakhomo la sukulu.

Masana ndinakwera galimoto popanda wondikankha. Pabwalo la ndege bambo anagwada kuti tifanane msinkhu, malaya awo akununkha sopo wa mayi. Ndinafuna kunena zanga. Iwo sanadikire.

"Tsala bwino, Tadala," anatero.

Panapita zaka ndisanawaonenso. Sizinali zaka zophweka, koma sindinamvepo kuti ndinatayidwa. Kale ndinkayesa kuti kutsanzikana ndi kuthamangitsa munthu. Lero, ine amene ndakhala ndikuperekeza anzanga ambiri makontirakiti awo akatha, ndikudziwa kuti mawu aja sathandiza kwenikweni wopita. Iye ali ndi njira yoti ayende. Amene amawasowa ndi uja wobwerera yekha kunyumba kukaona mpando wopanda munthu.